Amayi Otumikira mu Mpingo Woyamba ndi M'mipingo Yathu ya Kuno

Nkhani yokambidwa pamaso pa amayi a Mvano, a Dorika, a Mothers' Union ndi a m'mabungwe a Chikatolika a m'mipingo ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri



Mwana wa Sande sukulu akafunsidwa kuti atchule anthu amene anafalitsa Uthenga Wabwino pachiyambi, sachedwa kutchula Petro, Yohane ndi Paulo. Ndipo mukamufunsanso za amene anadzala mpingo kuno ku Blantyre, ngati anaphunzitsidwa bwino, adzatchula Henry Henderson amene anasankha malo a mishoni, David Clement Scott amene anamangitsa tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, kapenanso Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Mwanayo sanalakwe, pakuti onsewa ndi makolo athu m'chikhulupiriro. Komatu amene anamuphunzitsa anamupatsa theka la nkhani, chifukwa mpingo umene atumwi analalikira sukanagona ngakhale usiku umodzi m'mizinda ya Aroma pakanapanda amayi amene anautsekulira zitseko zao, kuudyetsa, kuuveka, ndipo ena mwa iwo kuufera. Chimene ndadzera lero ndi kukuonetsani kuti mpingo woyamba sunangolandira utumiki wa amayiwa mwakachetechete monga timachitira ife kawirikawiri, koma unawalemba maina, unawakhulupirira pa zinthu zazikulu, ndipo atakalamba unawasunga.

Tiyambe ndi nyumba. Kwa zaka pafupifupi 200 Akhristu analibe matchalitchi. Nyumba yakale koposa imene akatswiri ofukula zakale anapeza itakonzedwa kukhala yopemphereramo ili ku Dura-Europos m'dziko la Syria, ndipo ndi ya cha m'ma 240. Tsono zaka zonse zija mpingo unkasonkhana kuti? Unkasonkhana m'nyumba za anthu, ndipo Chipangano Chatsopano chikafuna kutiuza mwini nyumbayo, kambirimbiri chimatchula mkazi. Petro atatuluka m'ndende usiku ku Yerusalemu, sanayende chisawawa kufunafuna abale. Analunjika kwa Mariya amake a Yohane Marko, podziwa kuti kumeneko ndiko amapempherera, ndipo amene anazindikira mawu ake pachipata anali mtsikana wantchito, Roda, amene akuluakulu m'nyumbamo anamuyesa wamisala. Ku Laodikaya mpingo unali m'nyumba ya Numfa. Ku Filipi, mzinda woyamba wa ku Ulaya kumene timamva kuti Paulo anabatiza anthu, unali m'nyumba ya Lidiya.

Za Lidiya ndifuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa inu amayi a m'tauni muno mukhoza kumumvetsa kuposa anthu ambiri ophunzira. Iye sanali mbadwa ya ku Filipi. Kwao kunali ku Tiyatira, tsidya lina la nyanja, ndipo anafika ku Filipi pa malonda a nsalu za chibakuwa, nsalu za mtengo wapatali. Priska nayenso anali mlendo kulikonse kumene timakumana naye: iye ndi mwamuna wake Akula anathamangitsidwa ku Roma cha m'ma 49, pamene mfumu Klaudiyo inapirikitsa Ayuda mumzindamo, anakakhala ku Korinto nasoka mahema kuti apeze chakudya, anasamukiranso ku Efeso, pambuyo pake nabwerera ku Roma, ndipo kulikonse kumene anayala mphasa, mpingo unasonkhana pamenepo. Anthu amenewa anali a m'tauni, a lendi ndi malonda, otalikirana ndi manda a makolo ao, monga momwe agogo athu anachokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Ntcheu ndi ku Nsanje kudzafuna ntchito m'makampani a ku Limbe ndi ku Makata, namanga timakumbi tao m'mphepete mwa phiri la Ndirande, kopanda mwinimbumba, kopanda ankhoswe, kopanda azakhali oti athamangireko mwana akadwala usiku. Kumalo kotere munthu amafuna mbumba yatsopano, ndipo mbumba imeneyo, kale ku Filipi ndi lero ku Goliyo, amaimanga ndi amayi.

Tsono tsekulani mutu wotsiriza wa kalata ya kwa Aroma, mutu umene alaliki ambiri amaudumpha poganiza kuti ndi ndandanda chabe ya malonje. Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto cha m'ma 57, ndipo palibe kalata ina ya mtumwiyu imene yagwedeza mpingo wa padziko lonse monga iyi. Poyamba penipeni pa mutuwo akupereka kwa Aroma mayi wotchedwa Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, doko la kum'mawa kwa Korinto, ndipo akuwalamula kuti amulandire ndi kumuthandiza pa chilichonse chimene angafune, popeza iye anasungapo anthu ambiri, ndi Paulo yemwe. Ophunzira Malembo ambiri amagwirizana kuti Febe ndiye ananyamula kalatayo. Taganizani, amayi anga: masiku amenewo munthu wamba analibe positi ofesi, kalata inkayenda m'manja mwa munthu, pa ngalawa ndi pansi, masabata angapo, ndipo wonyamula kalata ndiye anali woyamba kufunsidwa ngati omvera sanamvetse mawu ena. Mtumwi amene anali ndi Timoteo, Tito ndi anyamata ena omumvera, chuma chotere anachiika m'manja mwa mayi. Mwa anthu onse amene akuwapatsa moni m'mutu umenewu, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ndi mkazi. Ndipo anthu anayi amene akuwayamikira chifukwa cha kugwira ntchito yolemetsa, Mariya, Trufena, Trufosa ndi Persida, onse ndi akazi. Alimonso Yuniya, amene anakhalapo m'ndende pamodzi ndi Paulo, ndi amake a Rufo, amene mtumwiyo akuti anali amake iyenso. Munthu wotanganidwa ngati Paulo, amene ankalingalira za ulendo wa ku Spain, anapeza mpata wokumbukira mayi wokalamba amene anamusamalira monga mwana wake wobala, natchula za iye m'kalata imene tikuwerengabe patapita zaka pafupifupi 2,000.

Inu a Dorika mukudziwa kale za mwini dzina lanu, koma lolani ndikumbutse anzathu. Tabita wa ku Yopa, ndiye Dorika, sitimva kuti analalikirapo ngakhale kamodzi. Chida chake chinali singano. Atamwalira, anamusambitsa namugoneka m'chipinda chapamwamba, ndipo Petro atafika, amene anamuzungulira sanali akuluakulu a mzinda oyala mbiri ya malemu, koma amayi amasiye, akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anawasokera. Ulaliki wa pa maliro aja unali nsalu zimene zinali pa matupi pao. Akulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo Dorika anaika chuma chake pa misana ya amasiye, mpaka tsiku la tsoka amasiye omwewo ndiwo anamuimira pamaso pa mtumwi.

Atumwi atatha, utumikiwu sunathe. Cha m'ma 112 bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, dzina lake Pliny, munthu wosapemphera nafe, analembera mfumu Trajan kufunsa chochita ndi Akhristu amene anachuluka m'chigawo chake. Pofuna kudziwa chenicheni cha chipembedzo chatsopanochi, sanagwire bishopu kapena mphunzitsi. Anagwira adzakazi awiri amene Akhristu ankawatcha atumiki, nawazunza kuti aulule. M'kalata yomweyo akusimba zimene anamva za Akhristu, kuti ankasonkhana tsiku loikika mbandakucha, kuimbira Khristu nyimbo, ndi kulumbira kuti sadzaba, sadzachita chigololo, ndipo sadzakana kubweza chimene anasungitsidwa. Maina a adzakazi awiriwa mdaniyo sanalembe, koma anasiya umboni wakuti ngakhale boma linadziwa kuti wofuna kumvetsa mpingo afunse amayi ake. Mu 177 ku Lyon, m'dziko limene lero ndi France, kapolo wamkazi Blandina, amene mbuye wake ankaopa kuti sadzapirira chifukwa cha kufooka kwa thupi, anatopetsa omuzunza, nalimbikitsa anzake mpaka iye anaphedwa pomalizira. Ndipo m'dziko lathu lino la Africa, ku Carthage, kumene lero ndi ku Tunisia, mu 203 anaponyedwa ku zilombo amayi awiri achitsikana: Perpetua, mwana wa banja lomveka, wa zaka ngati 22, ali ndi khanda kubere, ndi Felicitas, kapolo, amene anachira m'ndende patangotsala masiku owerengeka kuti aphedwe. Perpetua analemba yekha za masiku ake a m'ndende, za bambo ake okalamba amene ankamudandaulira kuti akane Khristu, ndi za mtima wake umene unakhazikika atamulola kukhala ndi mwana wake; zolemba zimenezo zili m'gulu la zakale koposa zimene tili nazo zochokera m'dzanja la mkazi wachikhristu. Mwana wa mfulu ndi kapolo analowa m'bwalo limodzi, ndipo mpingo ukuwakumbukira tsiku limodzi, pa 7 Malichi.

Musaganize kuti zonsezi zinali za chifundo cha mtima chabe chopanda dongosolo. Kalata yoyamba ya kwa Timoteo ikunena za kaundula wa amayi amasiye, mmene ankalembedwa mayi wa zaka 60 kapena kuposerapo, wa mbiri ya kulera ana, kuchereza alendo ndi kuthandiza osautsidwa. Buku la malangizo a mpingo lotchedwa Didascalia, lolembedwa ku Syria m'zaka za m'ma 200, likulangiza bishopu kuti asankhe atumiki aakazi, chifukwa pali nyumba zimene mwamuna sangalowe popanda kuutsa mphekesera, ndiponso chifukwa pobatiza mkazi m'madzi pafunika mkazi mnzake womudzoza mafuta ndi kumulangiza akavuuka. Msonkhano waukulu wa ku Chalcedon mu 451 unaika lamulo lakuti mkazi asasanjikidwe manja kukhala mtumiki asanakwane zaka 40. Lamulo silingaikidwe pa udindo umene kulibe. Ku Constantinople kunali Olympias, mayi wamasiye wolemera kwambiri, amene anatha chuma chake pa osauka ndi odwala, nakhala mzati wa bishopu John Chrysostom kufikira pamene bishopuyo anathamangitsidwa, ndipo iye yemwe anazunzika chifukwa chokana kumufulatira.

Sindibisa, ndipo sikoyenera kubisa, kuti m'makalata omwewa muli mawu olamula akazi kukhala chete mumsonkhano, mu 1 Akorinto 14 ndi 1 Timoteo 2. Mipingo yathu imawamva mosiyana, ndipo sindinabwere kudzaweruza pakati pa mpingo ndi mpingo unzake. Mpingo wa Katolika womwe, m'nthawi ya Papa Francis, unakhazikitsa magulu a akatswiri mu 2016 ndi 2020 kuti afufuze za atumiki aakazi akale aja. Changa n'chimodzi: amene awerenga mitu imeneyo awerengenso mutu 11 wa kalata yomweyo ya kwa Akorinto, mmene Paulo akuyembekeza kuti akazi azipemphera ndi kunenera, awerenge za ana aakazi anayi a Filipo amene ankanenera ku Kaisareya, awerenge za Priska amene, pamodzi ndi mwamuna wake, anatengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa kulankhula wa ku Alesandriya, namuwongolera pamene chiphunzitso chake chinali choperewera. Wotenga vesi limodzi n'kutsekera nalo pakamwa amayi onse, iye ndiye wachepetsa Malembo.

Tibwere kwathu tsopano. Makolo athu sanali alendo ku utumiki wa mkazi pa zopatulika, pakuti ku Msinja kunali Makewana wosunga kachisi wa mvula, ndipo ku Khulubvi m'boma la Nsanje kunali Salima wotumikira pa kachisi wa Mbona. Uthenga utafika, amayi sanachedwe. Mu 1876, chaka chomwe Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa, Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union ku England. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pa mishoni ya PIM ya John Chilembwe, kunafika mu 1902 mayi wakuda wochokera ku America, Emma Delaney, amene pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe anaphunzitsa atsikana kusoka. Mnyamata amene iye anamulera, Daniel Sharpe Malikebu, anamulondola mpaka ku America, naphunzira udokotala, ndipo ndiye anadzatsekulanso mishoniyo mu 1926, itakhala bwinja chiyambire nkhondo ya Chilembwe ya 1915. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mpingo wonse wa PIM unadzuka chifukwa mayi wina analera mwana amene sanabale. Ku Nguludi, Bishopu Louis Auneau anayambitsa chipani cha masisitere a kuno kwathu, ndipo dzina limene anapatsidwa ndi la utumiki, atumiki a Maria Virgo Woyera. Ku Nkhoma kunabadwa bungwe la amayi la Chigwirizano mu 1940, kumpoto kuli Umanyano, kuno kwathu Mvano.

Koma mbiri yeniyeni ya mabungwe amenewa sili m'zaka zimene anayambira. Ili pa siwa. Uthenga ukamveka kuti kumtunda kwa Malabada kwagwa zovuta, abambo tisanamalize kukambirana za bokosi ndi galimoto, amayi afika kale, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina wasiya benchi lake la tomato pamsika m'manja mwa mwana wa sukulu, ndipo phindu la tsikulo lapita. Amatulutsa katundu m'nyumba, nayala mphasa, nakhala mozungulira namfedwa, wina atamugwira paphewa; ngati womwalirayo ndi mkazi, ndi iwo amene amamusambitsa ndi kumuveka. Usiku wonse akuimba, mawu mpaka kusasa, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kopanda mpweya, ndipo kukacha omwewo ndiwo ali pamoto, awiri kugwira mphika, mmodzi kuvundula ndi mthiko wautali ngati msinkhu wake, utsi uli m'maso. Akatero asamba msanga, avala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, kuti aperekeze mnzao kumanda ndi nkhata m'manja. Maliro n'kulirana, timatero tonse, koma katundu wa mwambi umenewu amasenza ndi amayi. Pitani ku chipatala cha Gulupu nthawi yoona odwala, muwerenge amene anyamula mabasiketi a phala. Kumbukirani zaka zoopsa za Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, pamene achibale ena ankaopa ngakhale kapu ya wodwala: anali amayi a m'mipingo amene ankalowa m'nyumba zimenezo, kuchapa zofunda, kutembenuza wodwala, ndi kutenga ana otsala. Ndipo mu Malichi 2023, napolo wa namondwe Freddy atatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba ku Chilobwe, m'masukulu mmene anthu anathawira munali amayi omwewa, ena a iwo atataya zao zomwe, akuphikira anzao.

Apa ndipo pali dandaulo langa, ndipo ndilinena abusa ndi akulu a mpingo akumva. Amayi tawasandutsa mafuwa: nsima ikapsa timayamika wophika ndi mwini ufa, koma miyala imene yasenza mphika pamoto palibe woitchula. Pa makoma a matchalitchi athu pali miyala ya maziko yolembedwa maina a abusa ndi a alendo olemekezeka amene anabwera tsiku limodzi. Maina a amayi amene anatunga madzi oumbira njerwa, natuta mchenga pamutu kuchokera ku mtsinje wa Nasolo kapena wa Mudi, ali kuti? Mu 1995 amayi a mu Sinodi ya Blantyre anayenda ulendo wa pamsewu kukapereka madandaulo ao kwa akuluakulu a Sinodi, ndipo ambiri anawayesa osamvera. Zaka zochepa zitapita, Sinodi yomweyo inadzoza Mayi Edna Navaya kukhala mbusa, ndipo pambuyo pake Mbusa Mercy Chilapula anakhala mkhalapampando wa Sinodi yonse. Ine ndikuti amayi aja anali okhulupirika, chifukwa mtumiki amene aona kuti nyumba ya mbuye wake ikudontha, nakhala chete poopa kudzudzulidwa, ameneyo wasunga mtendere wake, sanasunge nyumba.

Inunso amayi anga, mundilole ndikulankhuleni monga mwana wanu. Paulo anatchula Euodiya ndi Suntuke a ku Filipi monga amayi amene analimbana naye pamodzi pa ntchito ya Uthenga, komabe anawatchula chifukwa anali atayambana, ndipo mkangano wao unamveka mpaka kundende kumene iye anali. Mabungwe athu nawo amadwala nthenda imeneyi pa zisankho za maudindo, ndi pa ndalama za msonkhamsonkha zimene msungichuma amazengereza kuziwerenga poyera. Ndipo pali china chimene chimandiwawa koposa: pa maliro a munthu wolemera mayunifolomu amayera bwalo lonse, koma pa maliro a mayi wogulitsa makala amene analephera kulipira zopereka zake miyezi ingapo, amafika ochepa, ndipo nthawi zina kumayamba kufunsidwa khadi mtembo uli m'nyumba. Adzakazi awiri a ku Bithynia aja, ndi Blandina, ndi Felicitas, onsewo anali akapolo opanda kanthu. Akanakhala pakati pathu lero, kodi tikanawaimbira?

Chotsiriza ndi ichi. Wolemba mbiri ya mpingo Eusebius anasunga kalata ya Cornelius, bishopu wa ku Roma, ya cha m'ma 251, nthawi imene mpingo unali utangotuluka m'chizunzo choopsa. M'kalatamo bishopuyo akuwerenga ansembe 46, madikoni 7, ndi amayi amasiye pamodzi ndi ovutika ena oposa 1,500 amene mpingo unkawadyetsa. Anatha kutchula chiwerengerocho chifukwa chinalembedwa. Mwa ife muno, ndani angaimirire ndi kutiuza kuti mumpingo mwake muli amasiye angati, akukhala kuti, ndipo ndi angati amene mwini nyumba wawaopseza kuwatulutsa mwezi uno? Alipo amayi ku Bangwe ndi ku Zingwangwa amene anaimba pa maliro a anthu osawerengeka kwa zaka 40, ndipo lero maso achita khungu, miyendo yakana, yunifolomu ili m'sutikesi, ndipo pakhomo pao papita miyezi osaponda munthu wa mpingo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri zimene sizilira chilolezo cha Sinodi kapena cha dayosizi, koma kope ndi cholembera. Mlembi wa mpingo ndi amayi a pampando apite limodzi kwa amayi akale amene akali moyo, akhale nao pansi, awafunse amene anayambitsa bungwe pampingopo, amene anapereka nyumba yake kuti mupemphereremo tchalitchi chisanamangidwe, amene analera ana amasiye, ndipo mainawo alembedwe m'buku la mpingo ndi kuwerengedwa pamaso pa anthu kamodzi pachaka. Kope lachiwiri likhale la amasiye ndi okalamba, mudzi ndi mudzi, dzina ndi malo okhala, ndipo pambali pa dzina lililonse palembedwe munthu amene adzawayendera mwezi umenewo ndi gawo la chopereka limene lapatulidwira iwo. Kopelo lizibwera pa tebulo nthawi iliyonse akulu a mpingo akakhala pa bwalo lao, lisanatsekulidwe buku la zomangamanga.